Kuwerenga mayina, manambala ndi timabokosi pa Excel: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali pansipa amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu osunga kaundula kuno ku Chigwa cha Shire: alembi a banki m'khonde, a makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi a ziweto, komanso makalaliki ogula thonje ndi chitowe. Amachuluka nthawi ya dzinja, pamene Shire, Ruo ndi Mwanza zasefukira ndipo akuluakulu akufuna chiwerengero dzuwa lisanalowe. Ndayankha monga mmene ndimayankhira tikakhala limodzi pa kompyuta. Mafomulawa ndi a Excel, koma ambiri amagwiranso pa Google Sheets, LibreOffice Calc ndi WPS Office. Pamene pali kusiyana ndanena.

Zilembo ndi manambala ngati A2:A501 zimatanthauza chiyani?

Tsamba la Excel linagawidwa timabokosi. Makolamu, amene amatsika kuchokera pamwamba, ali ndi zilembo: A, B, C. Mizere yopingasa ili ndi manambala. Dzina la kabokosi ndi chilembo cha kolamu yake ndi nambala ya mzere wake, choncho A2 ndi kabokosi ka mu kolamu A pa mzere wachiwiri. Timadontho tiwiri tapakati timatanthauza "mpaka". A2:A501 ndi timabokosi 500 totsika mu kolamu A. Fomula iliyonse imayamba ndi chizindikiro cha =, apo ayi Excel imangoitenga ngati mawu wamba.

Kuti tisasochere, mayankho onse agwiritsa ntchito kaundula mmodzi woyerekeza wa mabanja othawa madzi. Mzere woyamba ndi wa mitu, mayina ayambira pa mzere 2 n'kuthera pa 501. Mu A muli dzina la mutu wa banja, mu B nambala ya chiphaso cha unzika, mu C dera monga Bangula, Makhanga, Nchalo kapena Ngabu, mu D boma, mu E M kapena F chifukwa mwamuna ndi mkazi onse amayamba ndi M, mu F zaka za mutu wa banjalo, mu G anthu a m'banjamo, mu H tsiku lolembedwa, mu I ngati alandira thandizo. Wanu akakhala wa masheya, wa ophunzira kapena wa ng'ombe zolandira katemera, mungosintha zilembo.

Kuwerenga ndi kuwonkhetsa si chimodzimodzi?

Ayi, ndipo ngati mulibe nthawi yowerenga tsamba lonseli, gwirani yankho ili. Kwa ife mawu oti kuwerenga amanyamula zambiri: timawerenga kalata, timawerenga mbuzi polowa m'khola, timawerenga ndalama. Excel imasiyanitsa. Kuwerenga ndi kufunsa kuti timabokosi tokhala ndi kanthu ndi tingati. Kuwonkhetsa ndi kuphatikiza manambala amene ali m'timabokosimo.

Pa kaundula wathu, =COUNT(G2:G501) ikupatsani chiwerengero cha mabanja amene analembedwa kukula kwake. =SUM(G2:G501) ikupatsani anthu onse a m'mabanjamo. Kolamu ndi yomweyo, koma mayankho ndi otalikirana kwambiri.

Ndinaonapo lipoti likupita ku ofesi ina litalemba kuti pamsasa pali anthu akutiakuti, pamene nambalayo inali ya mabanja. Zofunda zinabwera molingana ndi zolembedwazo, ndipo amene anagona pa simenti ya m'kalasi opanda chofunda usiku umenewo anali ana. Mlembiyo sanabe kalikonse, anangosankha fomula ya funso lina. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti asanakhudze kompyuta anene funso lake mokweza: ndikufuna mabanja angati, kapena anthu angati?

Ndalemba =COUNT(A2:A501) pa mayina koma ikundipatsa 0. Kompyuta yawonongeka?

Sinawonongeke. COUNT imawerenga timabokosi tokhala ndi manambala okha. Dzina si nambala, ndiye imalidumpha. Ya mayina ndi COUNTA, yokhala ndi A kumapeto: =COUNTA(A2:A501). Imeneyi imawerenga kabokosi kalikonse kamene muli kanthu, kaya ndi mawu, nambala kapena tsiku.

Kusiyana kwa ziwirizi kuli ndi phindu lake. Ikani zonse pa kolamu imene muyenera kukhala manambala okha, monga G. COUNTA ikati 500 koma COUNT ikati 488, dziwani kuti timabokosi 12 muli mawu, mwina wina analemba "asanu" m'malo mwa 5. SUM nayonso imadumpha timabokosi totere osakuchenjezani, ndipo anthu a m'mabanja 12 amenewo sali m'chiwonkhetso chanu.

COUNTA ikundipatsa anthu ambiri kuposa amene alipo. Owonjezerawo akuchokera kuti?

Yambani mwaona ngati simunaphatikize mutu wa kolamu. Mukalemba =COUNTA(A:A), kutanthauza kolamu yonse, mawu oti "Dzina" apamwamba aja amawerengedwa ngati munthu, ndipo ngati pansi munalemba "Onse pamodzi" ameneyonso ndi munthu wina. Kusiyana kukakhala kwa mmodzi kapena awiri, kawirikawiri gwero lake ndi limeneli.

Kukakhala kokulirapo, pali timabokosi tooneka ngati topanda kanthu koma muli kanthu. Ambiri akafuna kufufuta dzina amadina batani lalitali la space m'malo mwa Delete. Diso siliona kalikonse, koma COUNTA imauona mpatawo n'kuuwerenga. Imawerenganso kabokosi kokhala ndi fomula imene yankho lake ndi "", ngakhale pa sikirini sipaoneka chilichonse. Kuti muwerenge zolembedwa zenizeni zokha lembani:

=SUMPRODUCT(--(LEN(TRIM(A2:A501))>0))

TRIM imachotsa mipata, LEN imawerenga zilembo zotsala, ndipo kabokosi kamalowa m'chiwerengero pokhapokha mukatsala chilembo. Kamzere kapena kadontho kamene alembi ena amaika posonyeza kuti palibe kanthu fomulayi siikachotsa. Zimenezo n'zofufuta pamanja.

Ndingadziwe bwanji mabanja amene sanalandire?

Ngati mu kolamu I mumalemba "inde" kwa olandira n'kusiya popanda kanthu kwa enawo, lembani =COUNTBLANK(I2:I501). Malire athere pamene mayina athera. Mukafikitsa pa I600, mizere 99 yopanda anthu iwerengedwa ngati mabanja osalandira. Dziwaninso kuti 0 si kupanda kanthu, COUNTBLANK siimuwerenga.

Koma ine sindikonda kusiya timabokosi popanda kanthu. Kabokosi kotero kangatanthauze kuti banjalo silinalandire, kangatanthauzenso kuti linalandira mlembi n'kuiwala kulemba chifukwa cha chipwirikiti cha pamzere. Pakatha sabata palibe angakumbukire. Lembani "ayi", ndipo muwerenge ndi COUNTIF ya m'funso lotsatirali.

Ndikufuna mabanja a ku Bangula okha. Ndilembe chiyani?

=COUNTIF(C2:C501,"Bangula")

Mbali yoyamba ndi poyang'ana, yachiwiri ndi chofunafunacho. Mawu amakhala pakati pa zizindikiro za " ", nambala siifuna zizindikirozo. COUNTIF siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono: BANGULA, Bangula ndi bangula kwa iyo n'chimodzi. Mukhozanso kulemba dzina la dera m'kabokosi kapadera, tinene K2, n'kulemba =COUNTIF(C2:C501,K2). Mukasintha K2 kukhala Makhanga yankho limasintha lokha.

Yankho limeneli ndi la mabanja. Anthu a ku Bangula muwapeza ndi =SUMIF(C2:C501,"Bangula",G2:G501).

Ndikudziwa kuti a ku Chikwawa ndi ambiri, koma COUNTIF ikupeza ochepa. Chalakwika n'chiyani?

Funso ili limabwera kuposa ena onse, ndipo vuto silikhala fomula, limakhala kalembedwe. Boma lomweli ena amalemba Chikwawa, ena Chikhwawa, ena amangofupikitsa CK. Munthu akaona amadziwa kuti ndi malo amodzi. COUNTIF imayerekeza chilembo ndi chilembo, ndiye kwa iyo awa ndi maboma atatu. Kaundula akalembedwa ndi anthu anayi osiyana, wina ku East Bank wina ku West Bank, n'kudzaphatikizidwa pambuyo, zotere sizilephera.

Njira yachidule ndi kanyenyezi, kamene kamaimira zilembo zilizonse, zambiri, zochepa kapena popanda n'chimodzi chomwe. =COUNTIF(D2:D501,"Chik*wawa") igwira Chikwawa ndi Chikhwawa yemwe. Chizindikiro cha funso chimaimira chilembo chimodzi chokha. Chimathandiza pa mawu ngati ng'ombe, chifukwa kankhodolero kolembedwa pa foni nthawi zina kamakhala kopindika pamene ka pa kompyuta n'kowongoka, ndipo Excel imationa ngati tosiyana. "ng?ombe" igwira tonse tiwiri, "ng*ombe" igwiranso amene analemba ngombe. Chimodzimodzi w ndi ŵ. Koma kanyenyezi musakapatse ufulu wambiri: "Ma*" itola Makhanga ndi Marka yemwe, malo otalikirana. Pa LibreOffice, kanyenyezi kakakana kugwira, yatsani wildcards pa Tools, Options, LibreOffice Calc, Calculate.

Palinso mpata wobisika kumapeto kwa mawu. "Nsanje" ndi "Nsanje " n'zosiyana. Mu kolamu yopanda kanthu lembani =TRIM(D2), kokerani pansi mpaka pa mzere womaliza, ndipo muwerengere pa kolamu yatsopanoyo.

Zonsezi n'zigamba chabe. Mankhwala enieni ndi kutseka khomo kaundula asanayambe kudzazidwa. Sankhani kolamu ya boma, pitani pa Data, kenako Data Validation, musankhe List n'kulemba mayina ovomerezeka. Mlembi azingosankha pa mndandanda, osalemba za m'mutu mwake. Mphindi zisanu zimenezo zimapulumutsa usiku wathunthu wokonza.

Nanga mabanja oyendetsedwa ndi ana, kapena ndi agogo?

Apa tikuyerekeza manambala. Osakwana zaka 18: =COUNTIF(F2:F501,"<18"). A zaka 65 kupita m'mwamba: =COUNTIF(F2:F501,">=65"). Chizindikiro ndi nambala yake zonse zikhale mkati mwa " ". Samalani ndi malire: ">65" imasiya kunja gogo wa zaka 65 zenizeni, ">=65" imamulowetsa. Malirewo akakhala m'kabokosi K2, lembani =COUNTIF(F2:F501,">="&K2). Mukaika K2 mkati mwa zizindikirozo, Excel iyamba kufunafuna mawu oti K2.

Alangizi a zaumoyo osunga kaundula wa sikelo, mvetserani apa. "<5" imawerenga khanda lolembedwa 0, koma siiwerenga kabokosi kopanda kanthu kapena kolembedwa "miyezi 8". Makanda, amene ndi oyamba kufuna thandizo, ndiwo amagwa m'chiwerengero mwanjira imeneyi. Mwana wosakwana chaka mlembeni 0 mu kolamu ya zaka, miyezi ikhale ndi kolamu yakeyake.

Ndingawerenge amayi a ku Makhanga amene sanalandire, zonse nthawi imodzi?

Inde, ndi COUNTIFS ya S kumapeto, imene inabwera ndi Excel 2007:

=COUNTIFS(C2:C501,"Makhanga",E2:E501,"F",I2:I501,"ayi")

Zimayenda ziwiriziwiri, poyang'ana ndi chofunafuna. Mzere umawerengedwa pokhapokha utakwaniritsa zonse. Makolamu onse ayambire ndi kuthera pa mizere yofanana. Imodzi ikathera pa 501 ina pa 500, mulandira #VALUE!.

Imathandizanso pa zapakatikati. A zaka 18 mpaka 35: =COUNTIFS(F2:F501,">=18",F2:F501,"<=35"). Kolamu imodzi yatchulidwa kawiri, ndipo n'zololedwa.

Ndalemba Nchalo ndi Ngabu mu COUNTIFS imodzi, yandipatsa 0. Bwanji?

Chifukwa mwaifunsa mabanja amene ali ku Nchalo komanso ku Ngabu pa mzere womwewo, ndipo otero palibe. Mukufuna a uku kuphatikiza a uko: =COUNTIF(C2:C501,"Nchalo")+COUNTIF(C2:C501,"Ngabu").

Kuphatikiza kotere n'kwabwino pamene munthu sangakhale mbali zonse ziwiri. Mukaphatikiza amayi ndi okalamba, agogo aakazi awerengedwa kawiri. Chotsani opezeka mbali zonse ndi COUNTIFS ya "F" ndi ">=65".

Kuwerenga olembedwa pakati pa masiku awiri kukundivuta. Ena akuwerengedwa, ena ayi.

Kwa Excel tsiku ndi nambala yovala malaya a tsiku. Imayambira pa 1 January 1900 ngati 1 n'kumawonjezera limodzi tsiku lililonse. N'chifukwa chake COUNT imawerenganso masiku. Tiyerekeze kuti mukufuna olembedwa sabata ya pa 13 mpaka 19 March 2023, masiku a namondwe wa Freddy:

=COUNTIFS(H2:H501,">="&DATE(2023,3,13),H2:H501,"<"&DATE(2023,3,20))

DATE imalandira chaka, mwezi, tsiku, motsatana choncho. Ndaika "<" ndi tsiku la 20 mwadala, kuti ngati m'timabokosi mulinso nthawi, wolembedwa masana a pa 19 asatsale.

Tsopano vuto lanu. Ife timalemba tsiku, mwezi, chaka. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa mwa ku America, kumene amayamba ndi mwezi. Pa kompyuta yotero mukalemba 5/3/2023 pofuna kunena 5 March, iyo imasunga 3 May. Mukalemba 14/3/2023, mwezi wa 14 kulibe, ndiye imangozisunga ngati mawu. Zotsatira zake, masiku a pa 1 mpaka 12 amatembenuzidwa mwakachetechete, a pa 13 kupita m'tsogolo sawerengedwa n'komwe. Muziona ndi maso: tsiku lenileni limatsamira kudzanja lamanja la kabokosi, mawu amatsamira kumanzere. Yerekezaninso COUNT ndi COUNTA monga tanenera pamwambapa. Polemba, gwiritsani ntchito dzina la mwezi, monga 5-Mar-2023, kapena sinthani Region ya kompyuta ikhale ya kalembedwe koyamba ndi tsiku.

Manambala ndikuwaona, koma COUNT ikuwadumpha. Komanso ziro wa nambala ya foni akusowa.

Mavuto awiriwa ndi apachibale. Loyamba ndi nambala yosungidwa ngati mawu. Msungichuma wa banki m'khonde akalemba K5,000 ndi K wakeyo, kapena 50kg, kabokosiko kasanduka mawu. COUNT, SUM ndi ">1000" zonse zikadumpha. Lembani 5000 yekha, K kapena kg zikhale pa mutu wa kolamu. Manambala okopedwa kuchokera ku mauthenga kapena ku mapulogalamu ena amabweranso ngati mawu, ndipo Excel imaika kachizindikiro kobiriwira pakona. Sankhani timabokosito, dinani kachenjezo kachikasu, musankhe Convert to Number.

Lachiwiri ndi mawu osungidwa ngati nambala. Manambala a foni a TNM ndi Airtel amayamba ndi 0, ndipo Excel imataya ziro wakutsogolo chifukwa pa masamu alibe ntchito. Nambala ya foni si ya masamu, palibe amene adzaiwonkhetse. Kolamu yake muisinthe kukhala Text musanayambe kulemba, ndipo muiwerenge ndi COUNTA. Chitaninso chimodzimodzi ndi manambala aatali a akaunti kapena a malisiti, chifukwa Excel imasunga madijiti 15 okha, otsalawo imawasandutsa maziro, ndipo sabwereranso.

Ndingapeze bwanji amene alembedwa kawiri?

Musayang'ane pa mayina. M'mudzi umodzi mumatha kukhala anthu atatu a dzina limodzi ndi mfunda umodzi, ndipo munthu mmodzi amatha kulembedwa dzina la kwa bambo ake uku, la kwa mwamuna wake uko. Yang'anani pa nambala ya chiphaso cha unzika. Mu J2 lembani =COUNTIF($B$2:$B$501,B2) n'kukokera pansi. Paliponse potuluka 2 kapena kuposa, nambalayo yabwerezedwa. Za zizindikiro za $ onani funso la tebulo la madera m'munsimu. Mukafuna kuti koyamba kuoneke 1, kachiwiri 2, lembani =COUNTIF($B$2:B2,B2), ndipo mizere yowonjezera ndi =COUNTIF(J2:J501,">1").

Pano ndikupemphani kuleza mtima. Fomula imakuuzani kuti nambala yaoneka kawiri, siikuuzani chifukwa. Madzi akabwera anthu amayamba athawira pasukulu yapafupi, mawa lake bwato n'kuwaolotsera kumsasa wina, ndipo konseko amalembedwa. Kumeneko si kuba. Gogo amatha kupereka chiphaso chake kuti alembetsere banja la mdzukulu amene chake chinapita ndi madzi. Bambo wamitala amaoneka pa makomo awiri, ndipo makomo onsewo muli ana ofuna kudya. Ndiye pali amene ziphaso zawo zinatayika, mlembi n'kulemba "alibe" pa onse. COUNTIF iwaona ngati munthu mmodzi wobwerezedwa kambirimbiri.

Pa Data pali batani la Remove Duplicates limene limafufuta mizere yobwerezedwa m'kuphethira kwa diso. Pa kaundula wa anthu musalidine musanasunge kope lina. Sindikizani kapena lembani papepala mizere yokayikitsayo, mukakhale pansi ndi a mfumu ndi a komiti, muitsimikize umodziumodzi. Iwo amadziwa khomo lililonse, kompyuta siidziwa.

Madera osiyanasiyana ali m'kaundula ndi angati, posawerenga obwerezedwa?

Pa Google Sheets n'zosavuta: =COUNTUNIQUE(C2:C501). Pa Excel 2021 ndi Microsoft 365 lembani =COUNTA(UNIQUE(C2:C501)), koma mukakhala timabokosi topanda kanthu yankho limakwera ndi 1. Pa Excel yakale, imene ili m'makompyuta ambiri a m'maofesi ndi m'masukulu, UNIQUE kulibe, ndiye lembani:

=SUMPRODUCT((C2:C501<>"")/COUNTIF(C2:C501,C2:C501&""))

Imaoneka yoopsa koma nzeru yake ndi yapafupi. Dera looneka kanayi, mzere wake uliwonse umapereka gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo anayiwo akaphatikizana amapanga 1. Mizere ikafika masauzande ambiri imachedwetsa kompyuta. Yankho likaposa madera amene mukuwadziwa, bwererani ku funso la Chikwawa ndi Chikhwawa.

Ndaika Filter kuti paoneke a ku Ngabu okha, koma COUNTA ikunenabe 500.

COUNT, COUNTA ndi COUNTIF sizisamala kuti mzere ukuoneka kapena wabisika. Yowerenga zooneka zokha ndi =SUBTOTAL(103,A2:A501). Nambala 103 ikutanthauza kuti iwerenge ngati COUNTA, 102 ngati COUNT, 109 iwonkhetse ngati SUM. Palinso 3, 2 ndi 9, zimene zimadumpha zobisidwa ndi Filter koma zimawerengabe mizere yobisidwa pamanja ndi Hide. Fomulayi muiike pamwamba pa mitu kapena pa tsamba lina, kuti Filter isaibise.

Ngati mukungofuna kudziwa msanga, sankhani timabokosito ndi mouse n'kuyang'ana pansi penipeni pa sikirini. Excel imaonetsa Count pamenepo popanda fomula.

Olandira ndimawapaka mtundu wachikasu. Pali fomula yowerenga mitundu?

COUNTIF siiona mtundu. Chothandiza ndi kuika Filter, kusankha Filter by Color, n'kuwerenga ndi SUBTOTAL ya m'funso lapitali. Koma mtundu usakhale umboni wokhawo. Pepala likasindikizidwa pa makina a inki yakuda chikasu chimasowa, ndipo wolandira ntchito pambuyo panu sadziwa kuti chinkatanthauza chiyani. Lembani "inde" kapena "ayi" mu kolamu yake, mtundu ukhale wongothandiza maso.

Ndikufuna tebulo la madera onse, lililonse ndi chiwerengero chake. Ndilembe fomula kambirimbiri?

Ayi, kamodzi kokha. Lembani madera motsika mu kolamu K kuyambira K2. Mu L2 lembani =COUNTIF($C$2:$C$501,K2), gwirani kakona ka pansi kumanja kwa kabokosiko n'kukokera pansi. Chizindikiro cha $ chili ngati chikhomo chomangirira mbuzi. Popanda icho, fomula ikatsika mzere umodzi, C2:C501 imasanduka C3:C502, kenako C4:C503, ndipo mayina apamwamba amayamba kutsala mmodzimmodzi popanda chenjezo lililonse. K2 tamusiya wosamanga kuti azitsika nayo. Batani la F4 limaika $ lokha mukalidina muli pa dzina la timabokosi.

Mukamaliza, wonkhetsani kolamu L ndi SUM n'kuyerekeza ndi =COUNTA(A2:A501). Ziwirizi ziyenera kufanana. Zikasiyana, pali mabanja amene dera lawo silinalembedwe, linalembedwa mwanjira ina, kapena mwaliiwala pa tebulo. Ine sindilola tebulo kutuluka m'manja mwanga ndisanachite zimenezi. Odziwa PivotTable ya pa Insert akhoza kupanga tebulo lomweli mofulumira, ndipo ubwino wake imaonetsa poyera kalembedwe kalikonse kolakwika pa mzere wakewake. Mukasintha kaundula muziidina Refresh, siisintha yokha.

Ndakopa fomula imene mnzanga wanditumizira pa WhatsApp, koma Excel ikuikana.

Yang'anani zizindikiro za " ". Mafoni ndi Word zimazipinda kuti zioneke bwino, koma Excel imafuna zowongoka. Zifufuteni n'kuzilembanso pa kompyuta. Chachiwiri ndi cholekanitsira: makompyuta ena, malinga ndi Region yake, amafuna chizindikiro cha ; pamene ena amafuna cha , pakati pa mbali za fomula. Ikakana =COUNTIF(C2:C501,"Nsanje") yesani =COUNTIF(C2:C501;"Nsanje").

#NAME? amatanthauza kuti dzina la fomula lalembedwa molakwika, mwaiwala " " pa mawu, kapena Excel yanu ndi yakale moti fomulayo siidziwa. Fomula ikangooneka yokha m'kabokosi osatulutsa yankho, kabokosiko kali pa Text. Kasintheni kakhale General, dinani F2 kenako Enter. Ndipo musaike fomula mkati mwa timabokosi timene ikuwerenga, ingayambe kudziwerenga yokha.

Dzina la mudzi ndinalilemba kamodzi n'kulumikiza timabokosi ndi Merge. COUNTIF ikupeza banja limodzi.

Mukalumikiza timabokosi khumi, mawu amakhala m'koyamba kokha, ena asanu ndi anayi amakhala opanda kanthu. Merge ndi yokongoletsera lipoti losindikiza, si ya kaundula. Masulani ndi Unmerge, ndipo dzina la mudzi libwerezedwe pa mzere uliwonse ngakhale zioneke zotopetsa.

Dera lililonse lili pa tsamba lakelake. Ndingawerenge onse pamodzi?

Pa Excel, COUNTA ndi SUM zimatha kudutsa masamba. Ngati tsamba loyamba ndi Bangula, lomaliza ndi Ngabu, =COUNTA(Bangula:Ngabu!A2:A501) iwerenga awiriwo ndi onse apakati. COUNTIF siitero, mufunika kulemba ya tsamba lililonse n'kuziphatikiza. Choipa china n'chakuti banja lolembedwa pa masamba awiri simungalione msanga. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa tsamba limodzi lokhala ndi kolamu ya dera.

Ndilibe kompyuta, ndili ndi foni yokha. Zimenezi zingatheke?

Zingatheke. Excel, Google Sheets ndi WPS Office zonse zili ndi mapulogalamu a pa foni, ndipo COUNT, COUNTA, COUNTBLANK, COUNTIF ndi COUNTIFS zimalembedwa chimodzimodzi. Dinani kabokosi, lembani kuyambira pa =, ndipo malire ngati C2:C501 muwalembe ndi zala m'malo mokoka, chifukwa pa sikirini yaing'ono chala chimaphonya mizere. Kiyibodi ya foni imakonda kukonza mawu yokha ndi kuwonjezera mpata kumapeto, ndiye muzimitse zimenezo polemba mayina a midzi.

Pa Google Sheets, yatsani Available offline pa fayilo yanu netiweki ikadalipo. Amene munali kuno mu January 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, mukukumbukira mmene kutchaja foni kunavutira pa nthawi imene makaundula ankafunika kwambiri. Madzulo aliwonse lembani ziwerengero zikuluzikulu m'kope, mabanja ndi anthu padera, pamodzi ndi tsiku lake. Ndipo wofuna chiwerengero mutumizireni tebulo la madera lokha. Kaundula wathunthu, wokhala ndi mayina ndi manambala a ziphaso, asapite pa gulu la WhatsApp.